Kusanza magazi: chenjezo lochedwa la chiwindi chomwe chauma

LILONGWE: Munthu akayamba kusanza magazi, achibale ambiri amathamangira kuganiza za zilonda za m'mimba kapena kulodzedwa. Komatu nthawi zambiri gwero lake ndi chiwindi chomwe chakhala chikuonongeka mwakachetechete kwa zaka zambiri.

Magazi ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amadzera m'chiwindi asanabwerere kumtima. Chiwindi chikadzala zipsera n'kuuma, nthenda yomwe madokotala amaitcha cirrhosis, njirayi imapanikizika ndipo magazi amaunjikana mumtsempha waukulu wolowa m'chiwindimo. Vutoli ndi lomwe limatchedwa portal hypertension.

Posowa podzera, magaziwo amathamangira m'mitsempha ing'onoing'ono ya kum'mero ndi m'chifu. Mitsemphayi imafufuma, ndipo ikaphulika wodwala amasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, mwinanso kumwalira m'maola ochepa. Ena mimba imadzala madzi, kapamba amakula, ndipo poizoni yemwe chiwindi chikadasefa amafika kuubongo n'kusokoneza mutu.

Zomwe zimaumitsa chiwindi kwambiri ndi kumwa mowa mwauchidakwa komanso tizilombo ta hepatitis B ndi C. Kuno ku Malawi kulinso likodzo la m'matumbo, lomwe mazira ake amatseka timitsempha ta m'chiwindi ndi kudzetsa vuto lomweli ngakhale mwa munthu yemwe sadalaweko mowa.

Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda m'chaka cha 2002. Izi zikutanthauza kuti ambiri omwe adabadwa chakachi chisanafike, kuphatikizapo aphunzitsi, apolisi ndi ena ogwira ntchito m'boma, adakula opanda chitetezochi. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu 254 miliyoni adali ndi hepatitis B m'chaka cha 2022, koma 13 okha mwa 100 alionse ndiwo ankadziwa.

Kupulumutsa wodwala yemwe wayamba kale kukha magazi kumalira zambiri. Pamafunika magazi omuika komanso chipangizo choonera m'kati mwa m'mero kuti dokotala amange mitsempha yophulikayo, ntchito yomwe imachitika makamaka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwala wa kumudzi akhoza kutsirizikira panjira.

Pomwe vutoli likadziwika msanga, mankhwala ake ndi odziwika kale. Tenofovir, yemwe alinso m'gulu la ma ARV, amafooketsa hepatitis B; praziquantel amapha nyongolotsi za likodzo; ndipo propranolol amachepetsa mphamvu ya magazi m'mitsempha yofufumayo kuti isaphulike.

Maiko a mu WHO adagwirizana m'chaka cha 2016 kuti pofika 2030 hepatitis isakhalenso chiopsezo pa umoyo wa anthu. Kuti Malawi afikepo, adindo okonza ndondomeko za chuma m'makhonsolo ndi ku Unduna wa Zaumoyo akuyenera kuonetsetsa kuti zipangizo zoyezera magazi ndi zounikira chiwindi zikupezeka m'zipatala za m'maboma ndi zing'onozing'ono, komwe munthu angapezeke ndi nthendayi asanasanze magazi.