KUWERENGA ANA NKWABWINO, KOMA SIKUKWANIRA

Mwezi uno tikambe za mpira wa ana a sukulu za sekondale ku America, pakuti m'nkhani imeneyi muli mlandu umene munthu wa kumudzi angathe kuuweruza bwino. Mpira wake si uja womenya ndi mapazi umene tiudziwa ife. Ndi mpira wooneka ngati dzira, wogwira ndi manja, ndipo anyamata khumi ndi mmodzi mbali iriyonse amagundana ndi kugwetsana pansi mwamphamvu.

Tsono taganizani. Sukulu ya m'tauni ya ana 3,000 ikhoza kusankha anyamata ojintcha okhaokha, wina akatopa alowe mnzake. Sukulu ya kumudzi ya ana 90, theka lao asungwana, imangotenga aliyense amene wabwera, ndipo omwewo athamange kuyambira poyamba kufikira pomaliza. Kuzikumanitsa sukulu ziwirizi si mpikisano ai, koma kupweteketsa ana a eni.

Anthu a ku Texas anaiona nkhaniyi kale. Bungwe lao loyang'anira masewera a m'sukulu, lochedwa University Interscholastic League, limawerenga ana a sukulu iriyonse pakapita zaka ziwiri, ndi kugawa sukuluzo m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira 1A kufikira 6A. M'chaka cha 2024 sukulu ya ana osakwana 105 inaikidwa m'gulu la 1A, ndipo ya ana 2,275 kapena kuposa apo inaikidwa m'gulu la 6A. Motero wamng'ono akumana ndi wamng'ono mnzake, wamkulu ndi wamkulu mnzake. Ife tikuti nzeru imeneyi njabwino.

Koma chimene chatikondweretsa koposa ndi ichi. M'chaka cha 1934, pamene ku America kunali umphawi woopsa, mphunzitsi wina dzina lake Stephen Epler, wa ku Chester m'chigawo cha Nebraska, anaona kuti sukulu za kumidzi ziribe anyamata okwanira. Iye sanati ana aleke mpira. Anakonza malamulo akuti mbali iriyonse ikhale ndi anyamata asanu ndi mmodzi basi, ndipo bwalo lichepe, likhale la mayadi 80 m'litali ndi 40 m'lifupi. Mpira umenewu sukulu zambiri za 1A ku Texas zimasewerabe. Muli lamulo linanso lachifundo: theka la masewera likatha, mbali ina ikapambana inzake ndi mapointi 45, masewera athera pompo, kuti ogonja asachite manyazi opitirira. Nzeru imeneyi inachokera kwa mphunzitsi wa kumudzi, osati ku maofesi a m'tauni.

Komatu kuwerenga mitu kuli ndi polekezera pake. Gulu la 6A liribe denga. Sukulu ya Allen, kufupi ndi Dallas, inali ndi ana oposa 6,000 m'chaka cha 2024, ndipo mu 2012 inatsegula bwalo lokhalamo anthu 18,000, limene linadya ndalama pafupifupi madola 60 miliyoni. Inatenga chikho cha chigawo chonse mu 2012, 2013 ndi 2014 motsatizana. Sukulu ya ana 2,300 iri m'gulu lomwelo. Kodi amenewa tinene kuti ngofanana msinkhu?

Vuto lina nlobisika. Kawirikawiri sukulu ya boma imatenga ana a m'dera lake lokha, monga mlimi akolola m'munda mwake. Koma ziripo sukulu zina, makamaka zolipira, zimene zimatenga ana kulikonse. Zikhoza kukhala ndi ana ochepa, koma osankhika ochokera m'madera ambiri, ndipo pa chiwerengero zioneka zazing'ono pamene pa bwalo ndi njovu. Ku Illinois mu 2005 anagamula kuti sukulu zopanda malire zotere chiwerengero chao chichulukitsidwe ndi 1.65, kotero kuti ya ana 400 iwerengedwe ngati ya ana 660. Eni ake anadandaula kuti akulangidwa onse, opambana ndi olephera omwe, ndipo dandaulo lao siliri lopanda pake, pakuti si sukulu yolipira iriyonse imene iri ndi akatswiri.

Ife tiona kuti a ku Ohio ndiwo anayandikira chilungamo. Sukulu za kumeneko zinavomereza mu 2014, ndipo lamulo linayamba kugwira nchito mu 2017, kuti pamwamba pa kuwerenga ana aziyang'ananso wosewera aliyense kumene akhala ndi kumene anaphunzira kale. Wochokera kunja kwa dera amaonjezera pa chiwerengero cha sukuluyo, ndipo ikachulutsa alendo otere ikwezedwa kukasewera ndi akuluakulu. Lamuloli limagwira sukulu za boma ndi zolipira zomwe. Nchito yake njambiri, pakuti aphunzitsi ayenera kulemba za mwana mmodzimmodzi chaka ndi chaka, koma sukulu ya kumudzi imene ikusewera ndi ana ake enieni siionjezeredwa kanthu.