SIKELO SIYEZA MTENGO WA MUNTHU

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2006, mumzinda wa Montevideo ku Uruguay, mtsikana wa zaka 22 dzina lake Luisel Ramos adatsiriza kuonetsa zovala pamaso pa khamu la anthu, ndipo asanafike patali adagwa namwalira. Mtima wake udaleka kugunda chifukwa cha kudzimana chakudya kwa miyezi. Mu Novembala chaka chomwecho Ana Carolina Reston wa ku Brazil, wa zaka 21, adatsirizika m'chipatala ku São Paulo akulemera makilogalamu 40 okha. Mu Febuluwale 2007 Eliana, mng'ono wake wa Luisel uja, nayenso woonetsa zovala, adapezeka atafa ali ndi zaka 18. Ana aŵa sadafe m'dziko la chilala ai. Adafa ndi njala chakudya chili pomwepo, pakuti adaaphunzitsidwa kuti mtengo wao uli pa sikelo ndi pa tepi ya telala.

Tinene poyambirira pomwe kuti ife sitikudana nako kukongola. Alipo ena pakati pathu amene akaona mtsikana watchena amayamba kuguguda pakhosi ngati kuti kusamala thupi ndi tchimo. Maganizo otere si a Mpingo. Thupi ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kusoka chovala chabwino kapena kuchionetsa kwa ogula ndi ntchito monga ntchito zina. Chimene tikutsutsa ndi malonda amene amasandutsa munthu kukhala chokoloŵekapo malaya, namutaya pamene thupi lake lasintha.

Taonani m'mene ntchitoyi imayendera. Mtsikana amatengedwa akali wamng'ono, kaŵirikaŵiri asanatsirize sukulu. Kampani yomupezera ntchito imamulipirira ulendo wa pandege, nyumba yogona ndi zithunzi, koma zonsezi zimalembedwa ngati ngongole yake. Akapeza kantchito, kampani imayamba yadula gawo lake ndi ngongole ija. Zovala zoonetsera zimasokedwa pa muyeso umodzi waung'ono, ndiye kuti munthu ndiye ayenera kuchepa kuti akwane m'chovala. Tsono mwana amene ali kudziko lachilendo, ngongole ili pakhosi, akauzidwa kuti m'chiuno mwakula, adzachitanji? Adzaleka kudya. Apa mpamene amayambira matenda amene madokotala amaŵatchula anorexia. Ndipo msamphawu wafika kale kuno ku Africa: m'chaka cha 2023 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku London idaulula za atsikana otengedwa ku msasa wa othaŵa nkhondo wa Kakuma ku Kenya, amene adabwezedwa kuchokera ku Ulaya ali chimanjamanja, ena atasenza ngongole. Makolo athu adanena zoona: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati, "Koma zinthu zidasintha, malamulo alipo." Inde alipo. Mu Seputembala 2006 akuluakulu a chionetsero cha zovala cha ku Madrid adakana atsikana oonda mopitirira muyeso. Dziko la Israel lidapanga lamulo lotere mu 2012. Ku France, kuyambira 2017, woonetsa zovala ayenera kukhala ndi kalata ya dokotala, ndipo chithunzi chamalonda chimene thupi lake lakonzedwa pa kompyuta chiyenera kulembedwa kuti nchokonzedwa. Tiyamika zimenezi. Koma tiyeni tifunse: ndi ntchito yanji imene boma lichita kukakamiza eniake kuti antchito ao azidya? Ndiponso lamulo la zithunzi lija likutiuza chinthu chodabwitsa, chakuti ngakhale mtsikana amene ali pa chithunziyo safanana nacho chithunzi chake. Ana athu akudziyerekeza ndi munthu amene kulibe.

Winanso adzatikumbutsa za Alek Wek, ndipo tiyenera kumumvera. Mtsikana wa mtundu wa Adinka ameneyu adathaŵa nkhondo ku Sudan nafika ku London mu 1991, ndipo mu 1997 nkhope yake yakuda bii idaoneka pachikuto cha magazini ya Elle. Lupita Nyong'o wa ku Kenya adafotokoza mu 2014 kuti ali mwana ankapempha Mulungu kuti amuyeretse khungu, ndipo kuti kuona Alek Wek kudamuthandiza kudzilandira m'mene aliri. Ichi nchabwino ndithu. Koma nkhani yomweyi itiŵaŵe mumtima. Bwanji mwana wa mu Africa adachita kudikira magazini ya kunja kuti imuuze kuti khungu lake nlabwino? Kunyumba, kusukulu ndi kutchalitchi tidali kuti? Ndipo tisaiŵale kuti Alek Wek sadaime pa nkhope yokha: adadzipereka kulankhulira othaŵa nkhondo, nakhala kazembe wa bungwe la UNHCR. Kukula kwa munthu nkumeneko, pamene mphatso yake iyamba kutumikira ena.

Tsono mlandu usathere ku Paris ndi ku Milan kokha. Ifenso tili ndi sikelo zathu. Timayamikira mwana woyera khungu pamaso pa mbale wake wakuda. Timaseka wonenepa, timanyodola woonda. M'misika mwathu muli mafuta oyeretsa khungu, ena okhala ndi mercury amene amaononga impso, ndipo amene amaŵagula ndi ana obatizidwa a m'mabanja mwathu. Mwana amene sadamvepo bambo ake akumuuza kuti ndi wa mtengo wapatali adzapita kukafunsa mtengo wake kwa alendo, ndipo alendowo adzamuyesa ndi tepi.

Inu makolo, mwana wanu akanena kuti afuna ntchito yoonetsa zovala, musamuthamangitse ndi mau okalipa, komanso musathamangire kuŵerenga ndalama zimene sizinabwere. Khalani naye pansi. Ayambe watsiriza sukulu, pakuti ntchitoyi njosakhalitsa. Pangano lililonse liŵerengedwe ndi munthu wodziŵa malamulo lisanasainidwe. Funsani kuti ulendo ndi nyumba alipire ndani, ndipo pasipoti yake isachoke m'manja mwake. Koposa zonse, mumphunzitse kukana: kukana njala, kukana kuvula chimene chikumbumtima chake sichilola, kukana munthu amene afuna thupi lake ngati malipiro a ntchito.

Ndipo inu atsikana athu, Mpingo umaphunzitsa kuti mudalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ulemu umenewo simudaupeze pa mpikisano, motero palibe woweruza wa mpikisano amene angakulandeni. Nkhope idzachita makwinya, tsitsi lidzamera imvi, mafashoni a chaka chino adzakhala choseketsa cha maŵa. Valani bwino, yendani mwaufulu, ndipo idyani nsima yanu osachita nayo manyazi.