Abusa, kwerani phiri madzi asanatsike

Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere, kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, amadziwa kuti Dedza ili pawiri. Kumtunda, kwa Bembeke ndi midzi yozungulira phiri la Dedza, n'kozizira, ndipo n'kumene kumachokera kachewere, nyemba ndi kabichi zimene mumagula pa Lizulu kapena pa Chimbiya. Kumunsi, ku Mtakataka ndi dera lonse la kwa Kachindamoto, n'kotentha, kwa mpunga ndi chimanga cha m'dimba. Mvula ikagwa kumtunda, madzi ake amakagona kumunsi, atanyamula dothi la wa kachewere kukalitaya m'munda mwa wa mpunga. Onsewo ausa moyo. Wina munda wang'ambika zigwembe, wina wakwiriridwa ndi mchenga.

Zikatere, woyamba kufika amakhala mpingo. Izi ndizinene poyera, kuopa kuti wina anganene kuti ndadzuka ndi mkwiyo pa azibusa. Galimoto ya boma isanapeze mafuta, amayi a Chigwirizano amakhala atasonkha kale ufa, mphakati utapeza kale pogona mayi amene nyumba yake yagwa, ndipo sheikh atalengeza kale ku mzikiti. Mabungwe monga CADECOM ya Akatolika, CARD, ADRA ndi Eagles agwira ntchito yooneka m'dziko muno. Mu Malichi 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti anthu oposa 5 miliyoni afunika chakudya, mabanja ambiri anatsala ndi moyo chifukwa cha thumba lolandirira pakhomo la tchalitchi.

Vuto langa lili pa zimene zimachitika thumba lija likatha. Tazolowera mpingo wa pamaliro, wodziwa kupepesa ndi kuimba, wodziwanso kujambulitsa chithunzi pambali pa mulu wa matumba. Mlimi salima ndi chipepeso. Amene munda wake wakokoloka mu Januwale amafuna mbewu ya nyemba kapena ya mbatata mu Febuluwale yemweyo, chinyezi chisanathe. Mbewu yofika mu Meyi, mapepala onse atasainidwa ku Lilongwe ndi ku Ulaya, imathera mumphika, ndiye tizidabwa kuti anthu a kumudzi sayamika.

Ndiye pali nkhani ya masika. Chaka chilichonse, kukolola kukatha, akhristu amasenza chimanga, mtedza, nyemba ndi matumba a kachewere kupita nazo ku tchalitchi. Ndi mwambo wabwino ndipo sindikuutsutsa. Koma tadzifunsani kuti chimanga chimenecho chimathera kuti. M'mipingo yambiri chimagulitsidwa kwa mavenda mu Juni kapena Julaye, mtengo uli pansi, ndalama zake n'kupita ku matailosi, zokuzira mawu kapena galimoto ya abusa. Pofika Januwale, mkhristu yemwe uja akukagula chimanga chake chomwe kwa venda pa mtengo wowawa, pamene akulu a mpingo akulemba kalata yopempha thandizo kwa azungu. Nkhani ya Yosefe ndi nkhokwe za ku Iguputo timailalikira mokoma zedi. Nkhokwe yeniyeni pabwalo la tchalitchi, yokhala ndi loko ziwiri ndi buku lowerengedwa pamaso pa anthu, ndi ma parishi angati ali nayo? Matumba makumi awiri okha pa zana lililonse la masika, atasungidwa bwino ndi mankhwala a anankafumbwe kapena m'matumba a PICS, angabwerekedwe kwa okhudzidwa ndi ngozi, iwo n'kudzabweza akakolola. Izi sizilira dona wochokera kunja.

Ndinenepo za kwathu. Chaka china cha njala, kumudzi kwa azakhali anga kunabwera thandizo la mbewu kudzera mu mpingo wina. Wolemba maina anali mkulu wa mpingo. Azakhali, amene amuna awo ndi a kudambwe, dzina lawo silinaoneke, ngakhale munda wawo ndi umene unaonongeka kwambiri pamudzipo. Atafunsa, anauzidwa kuti ayambe kaye kalasi. Sindikunena kuti ndi mmene zilili paliponse, ndipo mabungwe akuluakulu a mipingo amaletsa khalidwe lotere. Koma malamulo olembedwa mu ofesi ndi ena, cholembera chili m'manja mwa munthu wa pamudzi ndi china. Dedza ndi dziko la Gule Wamkulu, la Angoni, la Asilamu a kwa Tambala, la Akatolika ndi a CCAP. Thumba la mbewu likasanduka nyambo yokokera anthu m'tchalitchi, mudzi umagawanika pa nthawi imene ukufunika kugwirira pamodzi mgula umodzi wodutsa minda ya anthu khumi. Ku Mua, kumene Ansembe Oyera anafika mu 1902, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976 n'kuonetsa kuti mpingo ungathe kukhala pansi ndi eni gule popanda kutukwanana. Phunziro limenelo lisathere m'nyumba ya pa Kungoni yosungiramo zigoba za gule.

Chachikulu koposa ndi phiri. Tikamva mlaliki akunena kuti kusefukira kwa madzi ndi chifuniro cha Mulungu, tizimufunsa kuti nanga nkhwangwa ija inali m'manja mwa yani. Nkhalango za Dedza-Salima, Mua-Livulezi ndi Chongoni zinaikidwa kuti zigwire madzi pa mapiri. Lero matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa misewu, ndipo ogula ake ndi ife a m'tauni, ena mwa ife madikoni ndi atcheya a kwaya. Minda yakwera mpaka pamalo potsetsereka pamene mbuzi yomwe imayenda mosamala, mizere ina yolunjika kumunsi ngati ngalande. Madzi saiwala khwawa. Sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, imadalira mtsinje wa Namikokwe wochokera ku mapiri omwewa, ndipo patangopita zaka zochepa itatsegulidwa, madzi osefukira anaiononga mpaka inafunika kukonzedwanso. Mlimi wa mpunga ku Bwanje angapemphere usiku wonse, koma tsogolo la munda wake likukonzedwa ndi munthu amene akudula mtengo makilomita ambiri kumtunda, amene sanamuonepo.

Ndani angawakumanitse anthu awiriwa? Mlangizi wa boma ndi mmodzi pa midzi yambirimbiri, njinga yake yomwe yopanda mafuta. Phungu amaganiza za dera lake lokha, ndiponso zaka zisanu zokha. Koma Dayosizi ya Dedza ili ndi akhristu ku Bembeke ndi ku Mtakataka komwe, pansi pa episkopi mmodzi. Sinodi ya Nkhoma nayo ili kumtunda ndi kumunsi. Palibe bungwe lina limene limasonkhanitsa anthu ochuluka chonchi sabata iliyonse popanda kuwalipira alawansi. Mphakati umene umatha kuumba njerwa za tchalitchi ungathenso kuika akalozera, kubzala udzu wa vetiva, kutseka zigwembe ndi miyala, ndi kuteteza zitsa kuti ziphukire. Banki m'khonde ya amayi a mumpingo ingathe kugula mbewu yabwino ya kachewere pamodzi, m'malo moti aliyense azibzala timbatata totsalira tomwe tadzaza matenda. Pa Bembeke pomwepo pali malo a kafukufuku wa zaulimi, ndipo si patali ndi tchalitchi chachikulu cha dayosizi.

Wina ati ntchito ya mpingo ndi miyoyo, zinazi n'za boma. Boma lili ndi mlandu wake, ndipo nthambi yoona za ngozi ya DoDMA ndi unduna wa zaulimi tidzawafunsa tsiku lawo. Koma mpingo wa m'Malawi sunayambe lero kulowerera pa zinthu za pansi pano. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, Kamuzu ali moyo, a Payoniya ali ndi mfuti. Amene anatha kuyang'ana Ngwazi m'maso sangaope kutchula pa guwa kuti malori a makala amadutsa bwanji pa zipata za apolisi usiku. Papa Francisco analemba kalata yonse ya Laudato Si' mu 2015 yokhudza kusamala chilengedwe, ndipo chaka chilichonse timaona ansembe akubzala mtengo umodzi pamaso pa atolankhani. Ndikufuna ndidzaone parishi imene idzawerenge mu Okutobala kuti mwa mitengo inabzalidwa mu Januwale, yapulumuka ingati.

Woocha makala naye si mdierekezi. Feteleza anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bambo amene ana ake agona ndi njala sangamvere ulaliki wa mitengo. N'chifukwa chake nkhokwe ya masika ndi phiri ndi nkhani imodzi: mubwerekeni chimanga mu Disembala, mumuphunzitse kupanga manyowa a Mbeya, ndiye mukhale ndi pakamwa pomuuzira kuti asiye nkhwangwa.

Masika a chaka chamawa akamadzalengezedwa, mkhristu wina adzaimirire pa msonkhano wa mpingo n'kufunsa kuti matumba angati atsala m'nkhokwe, ndipo makiyi ali ndi yani.