Moto wa M'phiri Ukutidyera Nthaka ndi Chambo

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za kuno ku Malindi, mwezi wa August ukangolowa timaona moto usiku ndi usiku m'mapiri a Namizimu. Ambiri timangopenya, ena mpaka kunena kuti, "Ndi udzu chabe." Mau amenewa akutisaukitsa.

Taganizani za tsekera. Amamera yekha m'phiri ndi m'tchire, natalika kuposa mwamuna woimirira, ndipo akauma mu June ndi July ndiye timafolera nyumba, nkhokwe ndi makola. Koma nchito yake yaikulu ili pansi, pamene maso saona. Mizu yake yolukanalukana imagwira dothi, ndipo mvula ikagwa madzi amayamba aima pa mapata ake, nalowa pansi pang'onopang'ono. Phiri likapsa mu October, mvula yoyamba imapeza nthaka ili pamtunda. Madzi amatsika ndi ukali, kukumba zigwembe m'minda, ndi kukataya matope m'nyanja. Nthaka ya munda wanu ikalowa m'nyanja, mudzakaitenga ndi bwato lanji?

Kunyanjako kuli mbale wake wa tsekera, ndiye bango. Asodzi mukudziwa kuti chambo chimasunga ana ake m'kamwa, ndipo chikawalavula, kasawala amathawira m'madzi osaya, m'bango ndi m'udzu wa pansi pa madzi. M'menemo ndimo m'chikuta mwa nsomba. Wokayika akafunse anzathu a ku Malombe. Kumeneko makoka a maso ang'onoang'ono anasesa udzu wa pansi pa nyanja, ndipo pofika 1993, pamene anayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko, chambo chinali chitachepa kale koopsa. Bango limaswanso mphamvu ya mafunde asanafike pa gombe, ndipo amene anaona nyanja ikulowa m'nyumba za anthu m'boma lino la Mangochi mu 2024 safuna kuuzidwa kawiri.

Tikudziwa chimene akuluakulu ena amaipidwira akamva za kusunga nthaka. Boma la atsamunda linadza ndi malamulo a malimidwe mu 1946. Anthu ankalipitsidwa faini, ena kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula, ndipo mkwiyo umenewo unathandiza kuutsa zipolowe za 1953. Makolo athu anakana kukakamizidwa, ndipo anachita bwino. Koma Bwana Disi anapita kale kwao, ndipo minda imene ikukokolokayi ndi yathu.

Ku America, thengo likapsa, amachita kugula ndi ndalama mbeu za udzu wa kutchire wotchedwa wild rye ndi kukafesa kuti ugwire nthaka. Ngakhale vetiva amene alangizi amatiuza kubzala pa akalozera anachokera ku India, ndipo ndi wabwino ndithu, pakuti mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu. Nanga bwanji tikutentha udzu umene tinaupeza waulere?

Tsono pa msonkhano ukudzawu nthambi iri yonse ikambirane ndi mafumu ake zinthu ziwiri. Choyamba, pasakhale woyatsa moto amayi asanathe kumweta udzu. Ngati kutentha kuli kofunika, kuchitike msanga udzu usanaumitsitse, anthu atalambula njira zotchinga moto. Chachiwiri, pa dooko liri lonse asiye chigawo cha bango chosadula ndi chosakokamo khoka. Osaka nyama ndi ootcha makala aitanidwe nawo, chifukwa mlanduwu sungakambidwe iwo kulibe.