Mlandu wa liwiro: kodi woyendetsa galimoto angadziteteze yekha m'khoti?

Woyendetsa galimoto akaimitsidwa ndi apolisi pamseu wa Great East kapena wa Kafue nauzidwa kuti wapyola liwiro lololedwa, kawirikawiri amasankha cimodzi mwa zinthu ziwiri: kuvomera mlandu ndi kulipira faindi, kapena kukambirana ndi wapolisiyo kumbali. Njira yaciwiriyi ndi ciphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse amapalamula. Koma pali njira yacitatu imene ambiri amaiopa, yokana mlanduwo pamaso pa woweruza, ngakhale popanda loya.

Nkhani za pamseu m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la mu 2002, lomwenso linakhazikitsa bungwe la RTSA. Pamene makamera oyeza liwiro anaikidwa m'miseu ya mu Lusaka mu 2018, oyendetsa ambiri anadandaula kuti analipiritsidwa pamalo amene zikwangwani za liwiro sizinali kuoneka bwino. Mu 2024 boma linakweza mtengo wa penalty unit, muyeso umene faindi amawerengera, kucoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee. Motero funso lakuti munthu alipire kapena akane likukhudza thumba la aliyense wogwira ciwongolero.

Ufulu wokana mlandu unalembedwa m'ndime 18 ya malamulo aakulu a dziko. Ndimeyi imati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira atavomera yekha kapena khoti litapeza umboni womutsutsa. Imamupatsa nthawi yokwanira yokonzekera, ufulu wodziyankhira yekha kapena kulemba loya, ufulu wofunsa mafunso mboni za boma, ndiponso womasulira waulere ngati samva Cingelezi, cinenero ca m'khoti. Wolankhula Cinyanja sayenera kuvomera mau amene sanawamvetse.

Cofunika kudziwa coyamba ndi cakuti kulipira faindi kupolisi ndiko kuvomera mlandu.  Amene akukana auze wapolisi mwaulemu kuti afuna kukaonekera kukhoti, nalembe tsiku, nthawi, malo, ndi liwiro limene akunenedwa nalo. Ngati cikwangwani cinagwa kapena cinabisika ndi mitengo, ajambule cithunzi tsiku lomwelo. Wokwera naye m'galimoto angathe kukhala mboni.

Milandu yotere imazengedwa m'khoti la majisitireti. Kumeneko mlandu umawerengedwa ndipo woimbidwa amafunsidwa ngati avomera kapena akana. Akakana, udindo wobweretsa umboni umakhala wa boma, osati wake. Wapolisi amene anayeza liwiro amaitanidwa kudzapereka umboni, ndipo apa ndi pamene munthu wopanda loya amapambanira kapena kugwera. Mafunso othandiza ndi aafupi, ofuna yankho limodzi. Kodi makina oyezera anayesedwa liti kuti aonedwe ngati akuwerenga molondola, ndipo cikalata cake cili kuti? Kodi wapolisiyo anaphunzitsidwa kuwagwiritsa nchito? Ngati panali magalimoto angapo oyenda pamodzi, adziwa bwanji kuti nambala imene inaoneka inali ya galimoto imeneyi? Kodi cikwangwani ca liwiro cinali pati?

Mboni za boma zikatha, majisitireti amagamula ngati pali mlandu woti uyankhidwe. Ngati palibe, munthu amamasulidwa pomwepo. Ngati ulipo, woimbidwa angapereke umboni atalumbira, ndipo woimira boma adzamufunsa mafunso, angalankhule osalumbira, kapena angakhale cete. Wopezeka wolakwa amapatsidwa mpata wopempha kuti cilango cicepe, ndipo ali ndi masiku 14 ocitira apilo ku High Court.

Ambiri amalephera cifukwa cosokoneza kukana mlandu ndi kupepesa. Mau akuti "ndinali kuthamangira kucipatala" kapena "ena onse anali kuthamanga" sakutsutsa mlandu ai, akuutsimikiza. Malo ace ndi pa nthawi yopempha cifundo. Kunyoza wapolisi kapena kumunenera ciphuphu popanda umboni sikuthandizanso.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wace. Mlandu ungaimitsidwe kangapo, ndipo woyendetsa minibasi kapena takisi amene amadya za tsiku lomwelo angataye ndalama zoposa faindiyo. Khoti silikakamizidwa kupereka cilango cofanana ndi cimene cikadalipiridwa kupolisi, lingapereke coposa. Amene alephera kufika pa tsiku loikidwa angalembedwe cikalata comugwira. Bungwe la Legal Aid Board lilipo kuthandiza osauka, koma maloya ace amakhala otanganidwa ndi milandu ikuluikulu.

Nayenso woyendetsa adzifunse moona. Liwiro lopyola muyeso limapha anthu, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi. Amene adziwa mumtima mwace kuti anathamangitsa galimoto acita bwino kulipira pamalo ovomerezeka, kutenga lisiti la boma, ndi kusintha kayendetsedwe kace. Khoti si pothawira wolakwa.

Komabe, pamene pali cikaiko ceniceni, kukana kumathandiza anthu ena ambiri koposa munthu mmodziyo. Wapolisi amene adziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa za cikalata ca makina ace amasamala poyeza. Oyang'anira miseu akaona milandu ikugwa cifukwa ca zikwangwani zosaoneka amakakamizika kuzikonza. Ndipo woyendetsa amene adziwa njira ya kukhoti sakhala ndi cifukwa copindira ndalama m'laisensi yace. Akulu anati mlandu suola. Koma umboni umazimirira msanga, cotero wofuna kukana ayambe kuusonkhanitsa asanacoke pamalo pamene waimitsidwira.