Galu wamkulu si wa khomo lililonse

Akuba mbuzi akachuluka ku Nsaru, Kabudula kapena Namitete, ena amathamangira mumzinda wa Lilongwe kukagula German Shepherd kapena Boerboel. Alimi anzathu, yambani mwawerengera. Agalu amenewa amadya kwambiri, amafuna mpanda wolimba ndi munthu wodziwa kuwaphunzitsa. Pakhomo pa ana ang'onoang'ono, Boerboel wosaphunzitsidwa ndi ngozi. Nanga mu Januwale, chimanga chikatha m'nkhokwe, adzadya chiyani?

Galu wachikuda amapirira kutentha ndi nkhupakupa, amakhuta mkute ndi phala la madeya, ndipo usiku kuuwa kwake kumakwanira kudzutsa mwini khola. Kwa ambiri a ife, woyenera ndi ameneyu. Koma akakwanitsa miyezi 3, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto kuti abayidwe katemera wa chiwewe, ndipo muzibwereza chaka chilichonse.