Dokotala wa pa Lamya Afuna Wodwala Wokonzeka

M'caka ca 2020, pamene Covid-19 inafika, anthu a m'makomboni a Lusaka anaphunzira kufunsa za matenda pa nambala ya 909. Kufunsa pa lamya nkwabwino ndithu. Mai wa ku George kapena ku Mtendere sataya ndalama ya basi, ndiponso sataya tsiku la malonda pamzere wa ku kiliniki.

Koma dokotala wa pa lamya sangagwire mwana pamphumi. Iye adalira mau a wodwala cabe. Wongonena kuti "thupi lonse liwawa" waononga ndalama yake pacabe. Asanaimbe, wodwala akumbukire tsiku limene matenda anayamba, ndipo aike pafupi mankhwala onse amene wamwa, ngakhale a pa kantemba ndi a kwa sing'anga. Ambiri amabisa zimenezi cifukwa ca manyazi, pamene mankhwala ena akasakanizana amapweteka munthu. Khadi ya mwana ya ku sikelo ikhale m'manja, pakuti mlingo wa mankhwala a ana umatsata kulemera kwao. Ndipo nthenda yobisika siinenedwa apongozi ali m'cipinda comweco. Wodwala apeze malo a yekha.

Kolera yokha siyembekeza lamya. Mu January 2024 odwala anaculuka kufikira bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala. Wotsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga amwe ORS ali panjira, apite msanga ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama.